Mbuzi, nkhumba, nkhuku kapena akalulu: choweta chiti pa malo ochepa ngati mukufuna kugulitsa nyama

Munthu amene ali ndi ekala imodzi kapena maekala awiri, ndipo akufuna kumagulitsa nyama pang'onopang'ono kumalesitilanti, kwa achiwaya ndi kumabanja a m'tauni, amakonda kufunsa kuti chiweto cha ndalama ndi chiti. Asanafike pamenepo ayambe wadzifunsa kuti chiwetocho chidzadya chiyani mu Januwale ndi Febuluwale. Miyezi imeneyo chimanga chimakhala chitakwera mtengo, madeya pachigayo anthu amachita kulimbirana, ndipo makola ambiri amene anayamba bwino m'masika amagwera pomwepo.

Ziweto za nyama zili pawiri. Nkhumba ndi mabuloila (nkhuku zachizungu za nyama) zimadya chimanga ndi soya, zomwe munthunso amadya, choncho zimakula msanga koma phindu lake limatsatira mtengo wa thumba. Mbuzi ndi akalulu zimadya udzu ndi masamba. Sizikutherani ndalama zambiri, koma zimafuna manja tsiku ndi tsiku ndiponso mtima wodikira. Nkhuku zachikuda zili pakatikati.

Mabuloila: ndalama ibwera msanga, ithanso kupita msanga

Palibe chiweto china chobweza ndalama pa masabata asanu ndi limodzi. Anapiye 100 amafuna chipinda cha masikweya mita 10, ndipo pofika masiku 42 amakhala atadya matumba pafupifupi 8 a makilogalamu 50, kuyambira starter, kenako grower, kumalizira finisher. Mukasamala bwino, nkhuku 95 kapena kuposerapo zimafika pamsika, iliyonse ikulemera makilogalamu awiri ndi pang'ono yamoyo, ndipo ikasosoledwa imatsala pafupifupi kilogalamu ndi theka. Kunena kwina, matumba 8 amakupatsani nyama yoposa makilogalamu 130. Pa kusandutsa chakudya kukhala nyama, buloila alibe mnzake.

Zambiri zimalakwika sabata yoyamba. Mwanapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo mumatsitsa madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse. Ngati mulibe choyezera, anapiyewo akuuzani okha: akaunjikana pafupi ndi mbaula ndiye kuti akuzizidwa, akathawira m'mbali akuyasamula kukamwa ndiye kuti kwatentha, akamwazikana akudya ndiye kuti zili bwino. Mbaula muyatsire panja, ilowe makala atayaka mofiira, ndipo musatseke mazenera onse ndi masaka, chifukwa mpweya wa makala umapha anapiye mwakachetechete usiku. Pakatha tsiku limodzi gwirani anapiye khumi pachithokomiro. Ngati ambiri chili chopanda kanthu, sakupeza chakudya kapena madzi.

Katemera amene ambiri amatsata ndi wa chitopa pa tsiku la 7, wa matenda a gumboro pa tsiku la 14, ndi wa chitopa wachiwiri pa tsiku la 21, koma funsani komwe mwagula anapiye chifukwa ena amabwera atalandira kale wina. Madzi a pampopi okhala ndi kolorini amapha katemera. Gwiritsani ntchito madzi a pamjigo, nkhuku muzimane madzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti zimve ludzu, ndipo zimalize kumwa katemerayo pasanathe maola awiri. Utuchi kapena mankhusu a mpunga apansi akanyowa amabweretsa chitosi cha magazi. Mu Okutobala ndi Novembala nkhuku zazikuluzikulu ndi zomwe zimafa ndi kutentha, makamaka m'khola la malata otsika, choncho masana muzichotsera chakudya n'kusiya madzi ozizira okha.

Koma chimene chimagwetsa alimi ambiri a mabuloila si matenda, ndi msika. Nkhuku zonse zimakhwima tsiku limodzi. Buloila wa masabata asanu ndi limodzi amadya magalamu pafupifupi 200 patsiku, ndiye nkhuku 100 zosagulidwa zimatha thumba pa masiku awiri ndi theka, mtengo wake osakwera. Mavenda amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake amadikira mpaka mutatopa. Mulinso pa mpikisano ndi makampani akuluakulu amene amapanga okha chakudya. Mabuloila ndi abwino kwa amene ali pafupi ndi tauni, ali ndi ndalama ya matumba onse 8 asanagule mwanapiye, ndipo walankhula kale ndi ogula. Kuweta 50 nthawi imodzi m'zipinda ziwiri zosinthana kumapambana kuweta 200 pakamodzi. Chipinda chikatha, chitsukeni ndipo chikhale chopanda nkhuku masiku 14.

Nkhumba ndi chigodola

Nkhumba imakopa chifukwa cha kuswana. Bere lake ndi la masiku 114, omwe alimi amawerenga kuti miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Ya mtundu wa Large White kapena Landrace imaswa ana 8 mpaka 12, kawiri pachaka, ndipo ikasiyitsa kuyamwitsa imafunanso yamphongo pasanathe sabata. Mwana wodyetsedwa bwino amafika makilogalamu 80 pa miyezi 6 kapena 7, ndipo akaphedwa amatsala pafupifupi makilogalamu 58. Kanyenya wa nkhumba amayenda malonda m'ma trading centre ambiri a chigawo chapakati, ngakhale kuti kumadera a Asilamu ambiri monga Mangochi ndi Machinga msika wake ndi wochepa, ndipo khola likhoza kukuyambanitsani ndi anansi.

Tsopano werengani matumba. Mwana mmodzi kuchokera posiya kuyamwa kufika makilogalamu 80 amadya matumba pafupifupi 5. Make amadya makilogalamu awiri kapena awiri ndi theka patsiku, ndipo poyamwitsa amafika 5 kapena 6, zomwe pachaka zimakwana matumba ngati 20. Nkhumba yaikazi imodzi yokhala ndi ana 18 pachaka, mukafuna kuwanenepetsa onse, ikufuna matumba oposa 100. Ambiri amagula zazikazi zitatu asanachite masamu amenewa, kenako amayamba kupereka madeya okhaokha ndi madzi. Madeya okha alibe zomanga thupi zokwanira, ndipo nkhumba imatha chaka isanafike pomwe ikanafika pa miyezi 7. Ngati chakudya chikuchepa, gulitsani theka la ana akangosiya kuyamwa pa masabata 6 mpaka 8, otsalawo muwadyetse mokwanira.

Chakudya chosakaniza nokha cha nkhumba zokula, pa makilogalamu 100 alionse, chingakhale chotere: madeya 72, soya wokazinga ndi kugaya 22, ufa wa usipa 4, laimu wa ziweto 1, mchere theka, premix (msakanizo wa mavitamini ndi michere ya ziweto) theka. Soya wosakazinga amalepheretsa chakudya kugayika m'mimba ndipo nkhumba imapinimbira. Mukazinge mpaka afiirire pang'ono ndi kusiya fungo lauwisi, koma asapserere. Madzi musawaiwale: yoyamwitsa imamwa malita 20 mpaka 30 patsiku, ndiye ngati mjigo uli kutali, ganizaniponi kawiri.

Ana ambiri amafa masiku atatu oyamba, make akawagonera. Mtengo wopingasa, wotalikira masentimita 20 mpaka 25 kuchokera kukhoma ndi pansi, umawapatsa pothawira. Ana obadwira pasimenti amafunanso jakisoni wa ayironi pa tsiku lachitatu, chifukwa mkaka wa nkhumba uli ndi ayironi wochepa ndipo alibe dothi loti afukule.

Zonsezi zikhoza kutha pa sabata imodzi chigodola chikalowa. Matendawa alibe mankhwala, alibenso katemera amene mungagule kuno, ndipo m'nkhumba zachizungu amapha pafupifupi zonse. Ku Malawi si alendo. Kumadera ngati Mchinji kachilombo kake kanapezeka kale m'nkhupakupa zofewa zobisala m'ming'alu ya makola a dothi ndi mitengo, zomwe zimasunga matendawa kwa nthawi yaitali. Kachilomboka kamakhalanso miyezi m'nyama. Njira zake zolowera m'khola ndi zodziwika: zotsala za kulesitilanti zokhala ndi nyama ya nkhumba, nsapato za butchala amene wayenda makola asanu m'mawa womwewo, yamphongo yobwereka, ndi nkhumba yotchipa yogulidwa kwa munthu amene akudziwa chifukwa chake akuigulitsa mwachangu. Choncho khola likhale la njerwa ndi simenti, likhale ndi mpanda, ogula aonere kunja, wolowa asinthe nsapato, zotsala ziwiritsidwe kwa theka la ola kapena kuposa, ndipo nkhumba yatsopano ikhale payokha mwezi wathunthu. Amene sangakwanitse mpanda ndi lamulo loti palibe wolowa, ngakhale mlamu, asayambe ndi nkhumba.

Nkhumba zolekerera zili ndi vuto linanso. Zikadya chimbudzi cha munthu, nyama yake imadzaza timibulu toyera tonga mpunga. Munthu akadya nyama yotere yosapsa amakhala ndi njoka ya m'mimba, ndipo mazira a njokayo ndi amene amayambitsa khunyu mwa anthu ena. Nyama yotere siyenera kugulitsidwa.

Mbuzi: yochedwa koma yosataya mwini wake

Mbuzi ikayerekezedwa ndi ziwirizi imaoneka yaulesi. Bere ndi la miyezi isanu, mwana mmodzi kapena mapasa, ndipo yodyetsedwa bwino imaswa katatu pa zaka ziwiri. Zazikazi zisanu zingakupatseni ana 8 mpaka 10 pachaka. Mbuzi yamakolo ya chaka chimodzi imalemera makilogalamu 18 mpaka 20, ndipo ikasendedwa imatsala ngati 9. Ndiye chaka chonse mwapeza nyama yosaposa makilogalamu 90, yochepa kuposa ya mabuloila 100 a masabata asanu ndi limodzi.

Komabe pa ekala imodzi kapena awiri mbuzi ndiye maziko abwino, ndipo zifukwa zake n'zolimba. Mtengo wa chimanga suikhudza kwenikweni. Mukalephera kuigulitsa sabata ino, idikira osakudyerani thumba. Nyama yake imadyedwa ndi Mkhristu ndi Msilamu yemwe, imafunika paukwati, pamaliro, pa Khirisimasi ndi pa Eid, ndipo chikopa, mutu, miyendo ndi zam'kati zonse zili ndi wogula. Palibenso matenda ofala amene amasesa khola lonse ngati chigodola kapena chitopa.

Mdani wake wamkulu ndi njoka zam'mimba zoyamwa magazi, makamaka m'dzinja pamene mbuzi zimamangiriridwa pamalo amodzimodzi poopa minda ya anthu. Tembenuzani chikope cha m'munsi: chikakhala chofiira zili bwino, chikayera ngati pepala mbuziyo yatha magazi, ndipo kutupa kunsi kwa chibwano ndi chizindikiro choti zafika poipa. Perekani mankhwala mvula ikangoyamba ndi pamene ikutha, ndiponso kwa iliyonse yoyera chikope pakatipo. Mlingo utsatire kulemera kwa mbuzi. Kupereka wochepa n'kumene kumazoloweza njoka mpaka mankhwala kusiya kugwira. Mankhwala a njoka otchedwa albendazole musapereke kwa yomwe yangotenga bere. Musazitulutse mame asanaume, sinthani pomangirira masiku angapo alionse, ndipo pewani madambo, momwe zimatengera tizilombo towononga chiwindi.

Khola lam'mwamba limachepetsa mavutowa. Pansi pake pakhale mita imodzi kuchokera padothi, mitengo yoyalapo italikirane ngati kukula kwa chala kuti ndowe zigwe koma mwendo wa kamwana usalowe, ndipo mbuzi iliyonse ikhale ndi malo oposa sikweya mita imodzi. Manyowa ogwera pansi ndi phindu lachiwiri limene ambiri saliwerengera, chonsecho feteleza ali pamtengo umene tonse tikuudziwa. Khomo likhale ndi loko ndipo khola lisatalikire nyumba, chifukwa mbuzi imabedwa mosavuta kuposa nkhumba yomwe imakuwa.

Chakudya cha m'chilimwe chimakonzedwa m'masika. Masangwi a mtedza, makoko a nandolo ndi a soya, ndi mapesi zisungidwe pathandala pamthunzi. M'malire mwa munda dzalani mitengo ya gliricidia ndi lukina, komanso nsenjere. Mbuzi ya makilogalamu 25 imadya masamba aawisi okwana makilogalamu 3 mpaka 4 patsiku, ndipo lukina asapose gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa wochuluka amathothola ubweya. Madeya odzaza manja awiri patsiku kwa miyezi iwiri yomaliza amasintha kwambiri maonekedwe a nyama. Chimanga chambiri pakamodzi chimatupitsa mimba ndi kupha, ndipo majumbo otayidwa pabwalo amapha pang'onopang'ono: mbuzi imangowonda, pophedwa n'kupeza mtolo wa mapulasitiki m'chifu.

Za mbuzi za Boer, tonde mmodzi wa mtunduwu pa zazikazi zamakolo amapereka ana olemera bwino, ndipo tonde mmodzi amakwanira zazikazi 20 mpaka 30, choncho mabanja angapo akhoza kusonkherana. Koma Boer weniweni amafuna chakudya chambiri ndipo sapirira matenda a nkhupakupa ngati mbuzi zamakolo. Yambani ndi zamakolo zosankhidwa bwino. Tonde asinthidwe asanayambe kukwera ana ake, ndipo amphongo a nyama afulidwe akadali aang'ono kuti anenepe ndi kuchepa fungo.

Akalulu

Pa masamu okha, kalulu amadabwitsa. Bere ndi la masiku 31, ana 6 mpaka 8, ndipo kuswa kanayi pachaka sikumutopetsa. Aakazi asanu angapereke ana oposa 100, aliyense wa nyama pafupifupi kilogalamu imodzi pa miyezi inayi kapena isanu, kuposa zomwe mbuzi zisanu zimapereka, pa malo osaposa khonde. Amadya masamba a mbatata, chisoso, bonongwe, udzu ndi madeya pang'ono. Masambawo afote kaye maola angapo, chifukwa onyowa amatsegula m'mimba ndi kutupitsa ana. Wamkazi ndiye amapita m'khola la wamphongo, osati wamphongo kupita kwa wamkazi, apo ayi amenyana. Bokosi loswera lilowe pa tsiku la 28. Miyendo ya khola iikidwe m'zitini za oyilo wakutha poopa linthumbu, ndipo waya akhale wothina poopa makoswe ndi agalu. Kumalo otentha ngati Chikwawa ndi Nsanje akalulu amavutika, amphongo amachepa mphamvu yobereketsa kutentha kukapitirira madigiri 30.

Chovuta ndi wogula. Anthu ambiri amadya kalulu akamupeza, koma ndi ochepa amene amapita kumsika kukamufunafuna. Yambani ndi aakazi awiri kapena atatu a ndiwo zapakhomo, muwonjezere pokhapokha lesitilanti kapena mabanja odziwika atalonjeza kumatenga mwezi ndi mwezi.

Nkhuku zachikuda, ndi zina zongodutsa

Nkhuku yachikuda imatenga miyezi isanu ndi umodzi kufika kilogalamu ndi theka, koma m'tauni imagulidwa modula kuposa buloila, ndipo wogula amachita kuifunafuna. Zinthu ziwiri zokha zimasintha ulimiwu. Choyamba ndi katemera wa chitopa wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono, miyezi inayi iliyonse. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, n'chifukwa chake amafika kumidzi. Perekani katemerayu nkhuku zikadali bwino, makamaka chilimwe chisanafike, chifukwa kutemera zodwala kale n'kutaya ndalama. Chachiwiri ndi kutsekera anapiye masabata 6 oyamba ndi kuwapatsa chakudya chawochawo. Anapiye oyenda ndi make kutchire theka amathera kwa akabawi, amphaka ndi mame. Thadzi lifungatire mazira 10 mpaka 12, ndipo mukayambitsa mathadzi atatu tsiku limodzi, pa tsiku la 21 mumakhala ndi gulu la msinkhu umodzi logulitsika pamodzi. Tambala wa Mikolongwe, yemwe ndi Black Australorp, amakulitsa thupi la ana, koma mathadzi osakanizawo safungatira mokhulupirika, ndiye sungani amakolo ena.

Nkhanga zimagulidwa bwino, mazira ake amaswa pa masiku 26 mpaka 28 pansi pa nkhuku, koma ana ake amafa ndi kuzizira mosavuta. Kunenepetsa ng'ombe m'khola ndi mapesi, masangwi ndi madeya ndi ulimi wakale ku Malawi ndipo umagwira, koma ndalama yonse imakhala pa nyama imodzi kapena ziwiri, ndipo ng'ombe yophedwa si ya wogulitsa pang'onopang'ono.

Zophatikiza, ndi tsiku lopha

Mbuzi zisanu ndi nkhuku zachikuda zimakhalirana bwino pa malo amodzi, ndipo akalulu amalowapo popanda kulimbirana chakudya. Mabuloila abwere ngati ulimi wa nyengo, monga kuyamba sabata yachiwiri ya Novembala kuti akhwime pa Khirisimasi, bola khola likhale lopita mphepo. Asayandikane ndi zachikuda, zomwe zimanyamula matenda zokha zikuoneka zabwinobwino. Nkhumba ibwere pomaliza, mpanda utamangidwa ndipo soya ndi chimanga chanu zikukwanira. Madeya gulani mu Meyi ndi Juni, muwayanike mpaka aume gwa, muwasanje pamitengo. Achuku amapinimbiritsa nkhuku ndi nkhumba, ndipo poizoni wake satha ndi kuphika.

Kugulitsa chiweto chamoyo n'kosavuta, koma gawo lalikulu la phindu limapita kwa butchala. Kugulitsa nyama pa kilogalamu kumapindulitsa, koma kuli ndi malamulo ake. Nyama ya mbuzi ndi nkhumba yogulitsa kwa anthu iyenera kuphedwa pamalo ovomerezeka ndi kuyezedwa ndi mlangizi wa ziweto, ndipo kusamutsa ziweto kupita kudera lina kumafuna chilolezo cha ofesi ya za ziweto. Kukabuka chigodola kapena matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi, boma limatseka misika ya dera lonselo, ndiye musalonjeze wogula ngati kuti zimenezi sizichitika. Ngati ena mwa ogula anu ndi Asilamu, mbuzi ndi nkhuku zizingidwe ndi Msilamu, ndipo mipeni, matebulo ndi firiji zisakhudzane ndi nkhumba.

Chiweto chimene chalandira jakisoni kapena mankhwala a njoka chisaphedwe masiku olembedwa pabotolo asanakwane. Chimanidwe chakudya maola 12 chisanaphedwe, kwa nkhuku maola 8 akwanira, koma madzi chizimwa, kuti matumbo asaphulikire panyama. Chisathamangitsidwe kapena kumenyedwa, chifukwa nyama ya chiweto chotopa imada ndipo imaonongeka msanga. Iphani m'mamawa kusanatenthe, nyama ipachikidwe pamthunzi popita mphepo kuti izizire isanalowe m'mapepala, chifukwa yofunda ikatsekeredwa imachita thukuta n'kuyamba fungo. Firiji youndanitsa (deep freezer) yodzaza bwino yosatsegulidwa imasunga nyama yozizira tsiku limodzi kapena awiri magetsi akazima, koma yodzaza theka siifika pamenepo, choncho mipata yotsala muzidzaza ndi mabotolo a madzi oundana. Ndipo lembani maina a ogula ndi makilogalamu awo dzulo lake, kuti mbuzi ya makilogalamu 9 iphedwe pamene 7 ali kale ndi eni ake.